Suti Yakuda Mwezi Wotentha

Amayi anga akafuna kumukana munthu samutukwana, amamuitana ku phwando. Ndinazindikira zimenezi tsiku limene anandipatsa khadi la Giya atalipana ndi zala ziwiri ngati akukataya thewera.

"Ukamupatse mnyamata wako wa magalimoto uja," anatero. "Abambo ako akufuna amuone ndi maso awo. Koma awerenge bwino m'munsimo."

M'munsimo munalembedwa kuti amuna onse avale suti yakuda ndi tayi. Phwandolo linali lotsanzikana ndi abambo, amene amapuma pantchito, ndipo limakachitikira mu holo ya hotela ina dzuwa likamalowa. Unali mwezi uja woti ukasamba, thukuta limayambiranso usanamalize kudzipukuta. Suti yakuda nyengo imeneyo ndi chilango, koma amayi sankaganiza za kutentha. Ankadziwa kuti Giya alibe suti.

Giya ndi chibwenzi changa. Amaphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, ndipo dzinali anamupatsa ndi ophunzira ake chifukwa tsiku lonse nyimbo yake ndi imodzimodzi: "Giya, giya, sinthani giya." Tinali titayenda limodzi nthawi yaitali, koma kwathu anali asanapitirirepo pageti. Amayi anatemetsa nkhwangwa pamwala kuti mwana wawo mzime sangakwatiwe ndi munthu amene ntchito yake ndi kuponda buleki pampando wapambali. Abambo sananene inde kapena ayi. Iwo amayankhula kamodzi, ndipo akayankhula nkhani imathera pomwepo.

Ndiye phwandoli linali mayeso. Giya akawasangalatsa abambo, ukwati ulipo. Akalephera, amayi anali naye kale munthu wawo, Loya, mwana wa mnzawo wa abambo, yemwe ankangodikira kuti mpando upezeke.

* * *

Khadi ndinakamupatsira m'galimoto yake yophunzitsira, titaima pansi pa mtengo, mawindo onse ali otsegula. Analiwerenga kawiri, kenako n'kuyamba kudzikupizira nalo mphepo.

"Yakuda," anatero. "Amayi ako amandikonda kwambiri eti? Akufuna andiphike."

"Tamvera," ndinatero. "Alamu ako ali ndi suti ija ya buluu wakuda, ya nsalu yopepuka. Madzulo palibe amene angasiyanitse. Uvale malaya a thonje, m'kati uvale vesiti. Jekete usavale pochoka kunyumba, ulipachike m'galimoto muno, ukavalire pakhomo la holo. Zatha."

"Khadi likuti yakuda."

"Khadi silituluka thukuta. Utuluke ndi iweyo."

"Ndiye amayi ako akaone kuti ndi ya buluu, anene kuti mnyamata uja ngakhale kuwerenga satha? Ayi. Ndikavala chimene alemba, ndipo ndikaposa pamenepo."

Mwamuna akati akaposa pamenepo, dziwani kuti tsoka lanyamuka kale, lili m'njira. Ndinamuuza kuti tipite limodzi tikasake. Anakana. Anati akufuna ndikadabwe, ndipo alamu ake amuthandiza zonse, mpaka kumanga tayi.

"Alamu ako okha?"

"Nanga ndani winanso?"

"Ukudziwa amene ndikunena."

Anaseka, n'kugwira pachifuwa. "Ndinalumbira kale. Ukufuna ndilumbirenso?"

Amene ndinkanenayo ndi msuweni wanga, mwana wamkazi wa azakhali, amene tonse timamutcha Fashoni chifukwa amagwira ntchito m'sitolo yobwereketsa zovala zaukwati ndipo amayenda ngati msewu wonse ndi galasi lake. Iyeyu ndi amene anayamba kumudziwa Giya, monga wophunzira wake. Analephera mayeso a galimoto mobwerezabwereza, ndipo mpaka lero ndimakhulupirira kuti ankalephera dala. Tsiku lina ndinamupeza m'galimoto momwemu atavula nsapato, mapazi ali pamwamba pafupi ndi chiwongolero, akuseka mpaka mano a kumapeto kuoneka. Tsiku limenelo Giya analumbira pa dzina la malemu amayi ake kuti sadzakhalanso awiriwiri ndi Fashoni, kaya m'galimoto kaya pansi pa mtengo. Ndinamukhulupirira, poti chikondi chimatseka mphuno munthu asanatseke maso.

* * *

Tsiku la phwando kunacha kotentha kuposa masiku onse. Kunyumba kwathu kunali chipwirikiti. Amayi anasankha diresi la nsalu yolemera ya maluwa ochita kuluka, yonyezimira, yofika m'mapazi, ndipo anadzola paudala kawiri chifukwa woyamba anasungunuka asanamalize kuvala ndolo. Ine ndinavala diresi langa lobiriwira, lopepuka, lopanda manja. Atangoliona anakwinya mphuno.

"Mapewa pamtunda? Pamaso pa anzawo a abambo ako?"

"Kukutentha, Amayi."

"Kutentha sikunaphepo munthu wa ulemu wake. Funda ichi."

Anandiponyera kansalu kapamapewa koyabwa ngati chiguduli. Ndinakafunda. Tsiku limenelo sindinkafuna nkhondo ziwiri.

Masana ndinamulembera Giya uthenga: "Zili bwanji? Suti yapezeka?"

Anayankha patapita nthawi: "Yapezeka. Ukomoka."

"Uli ndi ndani?"

"Alamu. Akundimanga tayi. Usandisokoneze, andipotola khosi."

Ndinaseka ndekha, mtima n'kukhala m'malo.

Fashoni amayenera kubwera msanga kudzawakonza amayi tsitsi, koma anafika titatsala pang'ono kunyamuka. Analowa akupuma mwamphamvu, nkhope ikuwala, siketi yake yakuda ili ndi madontho oyera a paudala kutsogolo. Anandipsompsona patsaya. Ananunkhira perefyumu wina wolemera, wokoma mopitirira mpaka kuyambitsa nseru, osati amene amadzola masiku onse.

"Unali kuti?" anafunsa amayi.

"Kasitomala, Anti. Wina wovuta, wosadziwa ngakhale mbali yolowera malaya." Anandiyang'ana, n'kumwetulira. "Diresi lakukhala, msuweni. Lachepa pang'ono m'chiuno, koma lakukhala."

Fashoni ndi wotero. Akakupatsa uchi amasiyamo njuchi imodzi.

* * *

Mu holo munali ngati mu uvuni. Makina oziziritsa mpweya ankangolira osatulutsa kanthu, ndipo mafani a kudenga ankatembenuza mpweya wotentha womwewo, kuuchotsa pa tebulo ili n'kukautula pa linzake. Amuna onse anali atamvera khadi la amayi. Anakhala m'mizere ali bii, zifuwa zoyera, ngati akhwangwala pa waya, aliyense akupukuta khosi ndi kampango konyowa kale. Fungo lake musafunse. Thukuta la anthu aulemu wawo limanunkha chimodzimodzi ndi la wina aliyense, kungoti limabwera litavala perefyumu.

Amayi anandikhazika pafupi ndi Loya, monga ndinkayembekezera. Iye anavala suti yakuda ya nsalu yopyapyala ndipo sanachedwe kundiuza zimenezo.

"Tagwirani apa," anatero, akundilozera mkono wa jekete lake. "Nsalu imeneyi imapuma. Ndinakagula kunja. Anthu ambiri sadziwa kuti suti ya madzulo nyengo yotentha simafuna nsalu ya m'kati."

Suti yake mwina inkapumadi, koma chikhatho chake chinali chonyowa ndi chozizira ngati chule, ndipo ankachiika pamkono panga pa chiganizo chilichonse. Ankayankhula nyama ili m'kamwa. Kachidutswa kena kanauluka n'kudzatera pa kansalu kanga kapamapewa, ndipo anakaona, koma anapitiriza nkhani ya nsalu yopuma. Ameneyu ndiye amayi ankamutcha munthu wotukuka. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Kenako Giya analowa.

Ndinamva fungo ndisanamuone bwino. Anavala suti yakuda, inde, yakuda ngati pansi pa poto, ya nsalu yokhuthala ngati bulangete. Sanalekere pomwepo. M'kati anavalanso kajekete kopanda manja, mabatani onse otseka, ndipo tayi inali itamukola pakhosi mpaka mitsempha kutupa. Uku ndiye kunali kuposa pamenepo kuja. Nkhope yake inkayenderera. Paudala amene anamuthira m'khosi anali atasanduka phala, n'kulemba mzere woyera m'mphepete mwa kolala. Ankayenda mikono itatalikirana ndi thupi, ngati nkhuku imene yatopa ndi dzuwa.

Anandiona, n'kumwetulira monyadira. Ambuye ndikhululukireni, ndinamumvera chisoni ndi kunyansidwa naye nthawi imodzi, ndipo sindikudziwa chimene chinali chachikulu.

Anamukhazika pa tebulo lomaliza, pafupi ndi chitseko cha kukhitchini, pamene nthunzi inkatulukira nthawi iliyonse woperekera zakudya akadutsa. Malo amenewo anasankha ndi amayi. Ndinatulutsa foni pansi pa tebulo n'kumulembera uthenga.

"Vula kajekete ka m'katiko. Ufa."

"Sindingathe. Zonse zinakonzedwa bwino m'katimu. Ndikagwedeza zisokonekera."

"Zinthu zanji?"

"Chinsinsi cha amuna. Taona m'khwapa mwanga, mwauma gwa. Taona anzangawa."

Ndinayang'ana. Zinali zoona. Amuna ena anali ndi zigamba zonyowa m'khwapa mwa majekete awo, koma iye analibe. Kwina konse ankachucha ngati denga lothonya, m'khwapa mokha ndi mmene munali mouma. Sindinamvetse, ndipo Loya anali atayambanso kundigwira mkono.

* * *

Zoyankhula zitatha, alendo anayamba kupita kutsogolo kukawapatsa moni abambo. Apa ndi pamene ndinkadikira. Ndinanyamuka, n'kutenga kachikwama kanga, n'kukamutenga Giya ku tebulo lake. Nditamuyandikira fungo lija linandimenya kumaso: mankhwala othamangitsa njenjete, thukuta lakale la anthu onse amene anabwerekapo sutiyo, ndi perefyumu wolemera wothiridwa pamwamba kuti abise zonsezo. Perefyumuyo ndinaona ngati ndinamumvapo kwinakwake tsiku lomwelo, koma mtima unali pa abambo, sindinazitsatire.

"Uyankhule pang'ono," ndinamunong'oneza. "Uwayang'ane m'maso. Usaseke ukakhala ndi mantha."

"Ndakonzeka."

Abambo anaima pakati, amayi pambali pawo, azakhali ndi Fashoni kumbuyo. Anzawo a kuntchito anali atazungulira, ndipo wojambula zithunzi anali pomwepo.

"Ababa," ndinatero, "uyu ndi mnzanga uja ndinkakuuzani."

Abambo anamuyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku tayi. Kenako anatambasula dzanja.

Tsono abambo anga moni wawo ndi wodziwika. Akagwira dzanja la munthu salisiya msanga, amaligwedeza m'mwamba ndi pansi ngati akupopa mjigo, uku akufunsa mafunso.

"Ndinu amene mumaphunzitsa galimoto?"

"Ndine, Bambo."

"Ntchito yofuna mtima wautali imeneyo."

"Kwambiri, Bambo."

"Ndiye mwana wangayu mwamuphunzitsa?"

"Amakana, Bambo. Amati ndimakalipa."

Abambo anaseka. Anasekadi, ndipo mtima wanga unadumpha, chifukwa Loya anali asanawaseketsepo ngakhale kamodzi. Mjigo uja unapitirira kupopa. Ndipo ndi pamene ndinaona kanthu koyera kakusuzumira kukamwa kwa mkono wa jekete la Giya, pamwamba penipeni pa manja awo awiri. Kanatuluka pang'ono, n'kutulukanso pang'ono, ngati lilime. Abambo anagwedeza komaliza, kanthu kaja n'kugwa pansi kuti phwa, pakati pa nsapato zawo.

Inali padi. Padi ya akazi akakhala kumwezi, ya mapiko ake, yotupa ndi thukuta, yachikasu pakati, itapindika m'mbali.

Mayi wina anagwira pakamwa. Ndinaona maso a amayi akutsika pansi, ndipo ndinadziwa kuti akakwera n'kupeza kumene chinthucho chachokera, Giya watha. Mwamuna wobwera ku phwando la apongozi atanyamula mapadi m'khwapa, nkhani imeneyo amayi akanaifotokoza mpaka kwa zidzukulu za Loya. Giya anali ataima ngati chipilala, pakamwa pali yasa.

Sindinaganize. Ndinatsegula kachikwama kanga n'kukataya pansi dala. Lipisitiki, makiyi, chipeso, zonse zinamwazika pamwamba pa chinthu chija. Ndinagwada.

"Pepani," ndinatero mokweza kuti onse amve. "Ndi zanga. Chikwama chatseguka."

Ndinaitola ndi dzanja langa. Inali yofunda, yolemera, yonyowa mpaka madzi kutuluka pakati pa zala zanga. Ndinaikankhira m'chikwama pamodzi ndi lipisitiki wanga, n'kutseka. Nditadzuka, maso onse anali pa ine. Palibenso amene ankamuyang'ana Giya. Loya anabwerera m'mbuyo pang'ono, n'kupukuta chikhatho chake cha chule pa suti yake yopuma, ngati wagwira ndi iyeyo.

* * *

Amayi anandikokera m'khonde la kuseri, zikhadabo zawo zitalowa m'mkono mwanga. Paudala wawo anali atang'ambika m'mizere kumaso konse.

"Ndinakulera ine iwe?" Sanakweze mawu. Amayi akakwiya zenizeni amanong'ona. "Chinthu chogwiritsa kale ntchito, m'chikwama? Pamaso pa anzawo a abambo ako? Pamaso pa wojambula? Ngakhale kamwana kongoyamba kumene kamadziwa kokataya."

"Ndinaiwala, Amayi."

"Unaiwala. Mayi ake a Loya anali pomwepo. Andiyang'ana ngati kunyumba kwanga timadyera m'chimbudzi. Uve umenewu wautenga kuti? Kwa mnyamata wako wonunkha njenjete uja?"

Ndinkangomva chinyezi chija chikuuma pakati pa zala.

"Pita ukasambe m'manja. Usandigwire."

Anabwerera mu holo akukonza kumwetulira kwawo m'njira. Zinandiwawa, sindinama. Koma pansi pa ululuwo panali kunyada pang'ono. Ndinali nditamupulumutsa munthu wanga. Ndinadziuza kuti tsiku lina, tili ndi ana, tidzaiseka nkhani imeneyi, ndipo alamu ake ndidzawafunsa kuti nzeru yopusa chonchi anaitenga kuti.

* * *

M'chimbudzi cha akazi ndinataya chinthu chija m'bini, pamodzi ndi lipisitiki, chifukwa sindikanamuikanso pamilomo. Ndinasamba m'manja ndi sopo, n'kutsukuluza, n'kusambanso. Fungo silinkachoka.

Chitseko chinatseguka. Fashoni analowa, n'kuima pagalasi pambali panga, n'kuyamba kukonza nsidze.

"Koma ndiwe mkazi, msuweni," anatero. "Ine sindikanatha. Kutola ndi manja?"

"Ndi zanga. Ndikanasiyira ndani?"

"Zako?" Anaseka chapansipansi. "Iwe sugwiritsa ntchito za mapiko, umati zimakuyabwa. Zija ndi za m'chikwama mwanga."

Madzi ankatulukabe pa mpope. Ndinatseka.

"Wati chiyani?"

"Giya ndinamuuza, usakweze mkono kwambiri. Koma ndi moni wa amalume uja, ndani angapirire? Komanso vuto ndi malaya. Ndinamupatsa a manja aafupi kuti asafe ndi kutentha, ndiye chinthu chikamatuka chilibe pokodwa, chimangotsetsereka." Anapukusa mutu ngati dokotala wodandaula. "Timachita zimenezi ndi akwati m'sitolo mwathu, sizigwa. Koma uja amatuluka thukuta ngati ng'ombe. Ndinamupukuta kumsana konse ndi thaulo, ndamuthira paudala, ndisanamalize kumanga mabatani wanyowanso."

"Unamupukuta kumsana."

"Nanga akanadzifikira yekha? Chipinda chake chija n'chotentha, iwe. Kawindo kamodzi, ndiponso sikatseguka bwino. Ndinachita kuvula bulauzi yanga kuti isanyowe." Anandiyang'ana kudzera m'galasi. "Kachipsera kali pansi pa phewa lake lamanzere kaja, anakuuza kuti anapsa ndi chiyani? Ine wandiuza lero."

Apa ndi pamene mphuno yanga inakumbuka. Perefyumu amene anali pa tsaya lake pondipsompsona kunyumba ndi yemwe uja anali pa suti. Madontho a paudala pa siketi yake. Kasitomala wosadziwa mbali yolowera malaya. Ndipo uthenga uja, woti alamu akundimanga tayi, unalembedwa zala za Fashoni zili pakhosi pake.

Ndinagwira m'mphepete mwa sinki.

"Unachita dala," ndinatero. "Unamusankhira suti yolemera kuposa zonse."

"Anasankha yekha. Anati akufuna yooneka yodula." Anatseka chikwama chake. "Ine ndinangothandiza m'bale. Iwe ukanakhala wothandiza, bwenzi atabwera kwa ine?"

Anatuluka, nsapato zake zikugogoda. Ndinatsala ndikuyang'ana manja anga. Ndinali nditagwada pamaso pa holo yonse, nditadzipaka uve umene sunali wanga, amayi anga atandiuza kuti ndisawagwire, zonsezo kuti nditole chinthu cha Fashoni chonyowa ndi thukuta la munthu wabodza.

* * *

Giya ankandidikira m'khonde. Anali atamasula tayi, koma jekete anali asanavule. Mkono wamanzere anali ataupanikiza kuthupi, kuopa kuti inzake ija ingagwenso.

"Chikondi changa," anayamba. "Zimene wachita zija, ine mpaka imfa sindidza..."

"Alamu ako ali bwanji?"

Anaphethira. "Ali bwino."

"Anavula bulauzi pokumanga tayi?"

Ndinaona nkhope yake ikugwa. Sanayesere n'komwe kukana, ndipo zimenezo zinandinyansa kuposa bodza lenilenilo.

"Tamvera. Suti ya alamu sinandikwane. Ndinasowa kolowera. Ndinangopita kusitolo kukabwereka, iye n'kunena kuti abweretsa yekha kunyumba kuti adzaione ngati yakhala. Palibe chinachitika. Ndikulumbira."

"Pa dzina la ndani ulendo uno? La amayi ako unagwiritsa kale ntchito."

"Ndinaopa kuti ukamva ukwiya."

"Ndiye unaona kuti bola ndikwiye nditagwada pansi?"

Anatambasula dzanja kuti andigwire. Ndinabwerera m'mbuyo.

"Usandigwire," ndinatero, ndipo ndinamva mawu a amayi akutuluka m'kamwa mwanga. "Mapanga awiri avumbwitsa, Giya. Taona mmene wanyowera."

Ndinali nditatsegula pakamwa kuti ndimalize, kuti ndimuuze kuti atenge suti yake yonunkhayo akabweze kwa mwini wake ndipo akakhale komweko. Mawu anali kale pa lilime. Koma kumbuyo kwanga wina anatsokomola.

Anali abambo. Anali atavula jekete lawo n'kulikoleka paphewa, malaya atamatirira kumimba. Pakhomo la holo, kumbuyo kwawo, panaima amayi, ndipo pambali pa amayi panali Fashoni, atapinda manja.

"Ababa, pepani chifukwa cha..."

Anakweza dzanja. "Ine ndakalamba, koma maso ndili nawo. Chinthu chija chadutsa pa dzanja langa. Ndikudziwa kumene chachokera." Anatembenukira kwa Giya. "Aphunzitsi, vulani jeketelo musanakomoke. Khadi lija ngakhale ine landizunza."

Giya anavula jekete ndi kajekete ka m'kati kaja mwamanyazi. Malaya a manja aafupi anali atamatirira thupi lonse, ndipo kukhwapa lamanzere kunkaoneka chotupa cha makona anayi.

"Munthu wolola kuphikidwa chonchi chifukwa choopa kundinyoza, ndamuona," abambo anapitiriza. "Nzeru zake za zovala n'zochepa, koma zimenezo zimaphunzitsika. Chimene chandigwira mtima ndi ichi." Anandiloza. "Mwana uyu kuyambira ali wamng'ono sagwira ngakhale chigoba cha nthochi cha munthu wina. Lero wagwada pamaso pa anzanga onse, watola uve wa mwamuna, n'kunena kuti ndi wake. Amayi ake sanandichitirepo zimenezo, ndipo takhala zaka zambiri."

"Bambo ake," amayi anayamba.

"Ndikuyankhula." Amayi anatseka pakamwa. "Ine sindingalekanitse anthu otere. Aphunzitsi, Lamulungu likubwerali mubwere kunyumba ndi akuluakulu a kwanu. Mulowe pageti, mudzakhale pampando. Muvale malaya wamba."

Mawu amenewa ndinawalota nthawi yaitali. Ndinawapempherera, ndinawalirira m'bafa madzi akutuluka kuti amayi asamve. Tsopano anali atanenedwa, pamaso pa mboni, ndi munthu amene sabweza mawu ake.

Giya anagwetsa misozi, yosakanikirana ndi thukuta ndi paudala. Fashoni anali atasiya kumwetulira, koma maso ake anali pa ine, akudikira kuti aone ngati ndiulule. Ndikaulula, amayi apambana, Loya ndi chikhatho chake apambana, Fashoni apambana, ndipo kugwada kwanga kuja kusanduka nthabwala ya banja lonse. Ndikakhala chete, Lamulungu ndilandira m'nyumba ya abambo anga munthu amene m'khwapa mwake munali mudakali chinthu chimene msuweni wanga anamata ndi manja ake.

Abambo anandigwira paphewa, pamene kansalu koyabwa kaja kanali katagwa.

"Si zimene umafuna, mzime wanga?"

Ndinakweza dzanja kuti ndipukute kumaso, ndipo fungo lija linali likadali m'zala. Abambo ankadikira. Iwo amafunsa kamodzi.